Funsani Adokotala: Kodi khansa ya m'matumbo ndi yakumtundu?

Makalata anayi amene tasankha mwezi uno achokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo onse akufunsa za khansa ya m'thumbo lalikulu, lomwe ndi chigawo chomaliza cha matumbo kufikira kotulukira chimbudzi. Monga mwa nthawi zonse, mayina a olemba sitiwatchula.

Adokotala,
Ndine mayi wa zaka 34 ndipo ndili ndi ana atatu. Bambo anga anamwalira ndi khansa ya m'matumbo ali ndi zaka 46. Azakhali anga, alongo awo a bambo, nawonso anamwalira ndi khansa ya chiberekero asanafike zaka 50. Chaka chino achimwene anga a zaka 38 awachita opaleshoni ku Blantyre, ndipo atiuza kuti ndi khansa ya m'matumbo yomweyo. Adokotala anafunsa kwambiri za kumtundu kwathu ndipo anatchula za majini, koma sitinamvetse bwino. Kumudzi ena akuti alipo amene akutilodza chifukwa cha munda, pomwe amalume akuti tisadandaule popeza ife magazi athu ndi akuchikazi, ndipo kwa amayi kulibe amene anadwalapo matendawa. Kodi zoona ndi ziti? Nanga ana anga ali pachiopsezo?
Mayi wa ku Chitakale, Mulanje

Yankho: Mayi, pepani kwambiri chifukwa cha mavuto amene agwera banja lanu, ndipo achimwene anuwo ndikuwafunira kuti apeze bwino msanga. Ndiyankha motalikitsa, chifukwa mbiri imene mwalembayi ndi imene dokotala aliyense wa matenda a m'matumbo amaitchera khutu akangoimva.

Majini amene adokotala aja ankanena si mizimu ija ena amaitchula ndi dzina lomweli ayi. Thupi la munthu lidapangidwa ndi maselo, tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo m'kati mwa selo muli ulusi wotchedwa DNA umene umasunga malangizo a mmene selolo liyenera kukulira, kugwirira ntchito ndi kugawikira, ngakhalenso nthawi yake yofera. Malangizowa adalembedwa ndi zilembo zamitundu inayi yokha, A, C, G ndi T, zondandalikana pafupifupi 3 biliyoni, ndipo jini ndi chigawo chimodzi cha malangizowo. Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000, ndipo pafupifupi jini lililonse amakhala nalo pawiri, lina lochokera kwa mayi ake, lina kwa bambo ake. Mfundo yomalizayi muisunge, chifukwa yankho la mawu a amalume anu lagona pomwepo.

Khungu la m'kati mwa thumbo limaperepeseka msanga ndi zonse zodutsamo, motero thupi limalisintha lonse pasanathe mlungu umodzi, ndipo limatero moyo wonse wa munthu. Kuti zimenezi zitheke maselo amagawikana mosalekeza, ndipo selo lililonse lisanagawike limayenera kukopera malangizo onse aja. Taganizirani kalaliki wa pa esiteti ya tiyi amene tsiku ndi tsiku amakopera pamanja kaundula wa mayina ndi makilogalamu a othyola: angasamale chotani, pena adumpha chilembo, pena abwereza nambala, n'chifukwa chake pamakhala mkulu wina wobwera pambuyo kudzaona ndi kukonza zolakwika. M'selo namonso muli majini amene ntchito yake ndi imeneyo. Cholakwika chimene chatsala osakonzedwa ndicho asayansi amachitcha mutation, kutanthauza kusintha kwa jini. Zosintha zambiri sizivulaza konse. Khansa imayamba pamene zosintha zingapo zaunjikana m'selo limodzi, ndiponso zagwera majini enieni amene amaletsa kapena kulamula kukula.

M'chaka cha 1990 Eric Fearon ndi Bert Vogelstein a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America adafotokoza ndondomeko imene khansa zambiri za m'matumbo zimatsata. Kawirikawiri jini loyamba kuwonongeka ndi la APC, lomwe limaletsa maselo a m'thumbo kuchulukana mopyola muyeso, ndipo limapezeka litasintha m'zotupa pafupifupi 8 mwa 10 zilizonse. Likawonongeka, pakhungu la thumbo pamamera kamnofu konga njerewere, kamene madokotala amakatcha polyp, ndipo pa nthawiyi kamakhala kasanasanduke khansa. Pakapita zaka jini lina, monga la KRAS, likhoza kusinthanso n'kukulitsa kamnofuko, kenako la TP53, lomwe limalamula selo lowonongeka kuti lidziwononge lokha, nalonso n'kusiya ntchito. Apo m'pamene chotupa chimayamba kuboola khoma la thumbo ndi kufalikira kwina. Zonsezi zimatenga zaka 10 kapena kuposerapo, ndicho chifukwa chake odwala ambiri amakhala opitirira zaka 50.

Kwa odwala ochuluka kwambiri, zosinthazi zimachitika munthu atabadwa kale ndipo zimakhala m'chotupa mokhamo. M'mbewu ya bambo kapena m'dzira la mayi mulibe, choncho mwana sangazitengere. Koma pali kagulu kochepa, odwala pafupifupi 5 mwa 100 alionse, amene adabadwa ali kale ndi jini limodzi lolakwika m'selo lililonse la thupi lawo. Anthu otere ndondomeko ija amaiyambira pakati, motero amadwala asanakalambe, ndipo matendawa amabwerezabwereza m'banja.

Mwa matenda akumtundu oterewa, ofala kwambiri ndi amene amatchedwa Lynch syndrome, omwe amayambitsa khansa za m'matumbo pafupifupi 3 mwa 100 zilizonse. Majini okhudzidwa ndi okonza zolakwika aja, makamaka MLH1, MSH2, MSH6 ndi PMS2. Munthu amabadwa ndi jini limodzi labwino ndi linzake lowonongeka. Labwinolo limagwira ntchito zaka zambiri, koma likadzawonongeka m'selo lina la m'thumbo, m'selomo simukhalanso wokonza, zolakwika zimachuluka mwaliwiro, ndipo kamnofu kamene kakadatenga zaka 10 kamasanduka khansa m'zaka ziwiri kapena zitatu zokha. Mwa anthu amene adatengera jini lolakwika la MLH1 kapena la MSH2, pafupifupi theka amadzadwala khansa ya m'matumbo pa moyo wawo, ndipo amayi amakhalanso pachiopsezo chachikulu cha khansa ya m'kati mwa chiberekero; ena imawagwira thumba la mazira, chifu kapena njira za mkodzo.

Madokotala ali ndi muyeso umene adagwirizana ku Amsterdam, wothandiza kuzindikira banja lokayikitsa popanda makina alionse. Pamafunika abale atatu amene adadwala khansa za m'gulu limeneli, mmodzi mwa iwo akhale kholo, mwana kapena m'bale wa bere limodzi wa ena awiriwo, matendawo akhale ataoneka m'mibadwo iwiri yotsatizana, ndipo mmodzi akhale atadwala asanakwanitse zaka 50. Bambo anu, alongo awo ndi mwana wawo wamwamuna akukwanira m'muyesowu, komabe za azakhali anu n'zofunika kuzifufuza bwino. Kuno ku Malawi khansa imene imapha amayi ambiri ndi ya khomo la chiberekero, yomwe imayamba ndi kachilombo ka HPV ndipo si yakumtundu, pomwe ya Lynch imamera m'kati mwa chiberekero chenichenicho. Kumudzi zonse ziwiri timangoti khansa ya chiberekero. Funsani asuweni anu ngati buku lakuchipatala la amayi awo likadalipo. Ngakhale itapezeka kuti idali ya khomo, bambo kudwala pa zaka 46 ndi mwana pa zaka 38 n'kokwanira kuti banja lanu liyang'aniridwe mwapadera.

Amalume anu akulankhula za mwambo, ndipo pa mwambo sakulakwa: kwa Alhomwe ndi Amang'anja mwana ndi wa mbumba ya amayi ake, munda ndi maudindo zimatsata kuchikazi, ndipo mwinimbumba ndiye amasunga mbiri ya obadwa ndi omwalira. Majini satsata dongosolo limenelo. Theka la majini anu mudalandira kwa bambo anu, ngakhale iwo adali mkamwini pamudzi. Ndimaona kuti kuno kwathu mbiri ya kuchimuna ndiyo imatayika msanga, makamaka bambo akamwalira kapena banja likatha, moti munthu akafunsidwa kuchipatala ngati kumtundu kwawo kuli khansa amayankha za kwa amayi kokha, moona mtima ndithu, osazindikira kuti wasiya theka. Ngati bambo anu adali ndi jini lolakwikalo, mwana wawo aliyense, wamkazi kaya wamwamuna, akhoza kukhala kuti adalitengera kapena ayi, theka ndi theka. Ngati inu simudalitengere, ana anu sangalitenge kwa inu, popeza jini silidumpha m'badwo n'kukatulukira kwa adzukulu. Ngati mudalitengera, mwana wanu aliyense alinso pa theka ndi theka.

Za kulodzana, ndikupemphani kuti muwafotokozere achibale modekha zimene mwawerengazi. Imfa zofanana zikatsatizana m'banja limodzi, mtima umafuna wina woti umuloze chala, ndipo nthawi zambiri chalacho chimagwera nkhalamba yosalakwa, uku miyezi yoti abale akayezedwe ikutha. Mabanja oterewa amapezeka padziko lonse. Woyamba kulemba za banja lotere adali Aldred Warthin wa ku yunivesite ya Michigan, m'chaka cha 1913, atamva kwa mayi wina amene ankamusokera zovala kuti abale ake ambiri adafa ndi khansa ya m'matumbo, ya m'chifu ndi ya chiberekero. Henry Lynch adalemba za mabanja ena mu 1966, ndipo majini ake adadzapezeka mu 1993 ndi 1994. Kwa zaka 80 zonsezo chida chimene madokotala adali nacho chidali kufunsa ndi kulemba mbiri ya banja, ndipo chimenecho inunso muli nacho ku Chitakale lero.

Choncho yambani ndi pepala ndi cholembera. Lembani agogo, makolo ndi abale awo, abale anu ndi asuweni a mbali zonse ziwiri, mtundu wa khansa imene aliyense adadwala ndiponso zaka zimene adali nazo pamene matenda adapezeka, ndipo pepalalo mupite nalo kwa adokotala amene akuona achimwene anu. Muwafunsenso za chotupa chimene adachotsa. Kachidutswa kake kamatumizidwa ku labotale, komwe kamasungidwa m'phula kwa zaka zambiri, ndipo pa kachidutswa kameneko n'kotheka kuyeza ngati mapuloteni anayi, zinthu zimene selo limapanga potsatira malangizo a majini okonza aja, alipo onse kapena ina yasowa. Funsani ngati kuyezaku kungachitike kuno kapena ngati kachidutswako kangatumizidwe kunja. Zotsatira zake sizimaliza nkhani, chifukwa zotupa pafupifupi 15 mwa 100 zimaonetsa vutoli pomwe zakumtundu ndi 3 zokha, motero chotsimikizira ndi kuyeza majini m'magazi a achimwene anuwo. Cholakwika chenicheni chikadziwika mwa iwo, kuyeza abale ena kumaphweka, popeza amangoyang'ana pamalo amodzi omwewo.

Kuyeza majini kumafuna ndalama ndipo sikupezeka paliponse, koma musadikire kumeneko. Inuyo, pa zaka 34, mukuyenera kale kuunikidwa m'matumbo ndi kachubu kokhala ndi kamera, njira yotchedwa colonoscopy, ngakhale musakumva kupweteka kulikonse. Pitani kuchipatala cha boma cha Mulanje kapena ku Mulanje Mission ndi pepala lanu lija, mukapemphe kalata yokutumizani ku Gulupu ku Blantyre. Ubwino wa kuunikaku ndi wakuti kamnofu kakaoneka amakadula nthawi yomweyo kasanasanduke khansa. Kwa amene zatsimikizika kuti ali ndi Lynch, kuunikaku kumayamba pa zaka 20 mpaka 25 ndipo kumabwerezedwa chaka chilichonse kapena pa zaka ziwiri zilizonse, choncho ngati ana anu akadali aang'ono palibe choti muwachite pakali pano kupatula kuwasungira mbiriyi. Muzionetsetsanso za msambo, ndipo mukataya magazi pakati pa mwezi kapena mopitirira muyeso musachedwe kukaonana ndi dokotala. Amayi ena a Lynch amasankha kuchotsa chiberekero akamaliza kubereka, koma imeneyo ndi nkhani yodzakambirana zotsatira zikadziwika. Kafukufuku wotsogozedwa ndi John Burn wa ku Newcastle ku England adaonetsa kuti aspirin amachepetsa khansa ya m'matumbo mwa anthu a Lynch, komabe mankhwalawa amathanso kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kutaya magazi, motero musayambe kumwa pa nokha.

Umboni woti kuunikaku kumapulumutsa tili nawo mu Africa muno. Ku Northern Cape ku South Africa kuli mabanja aakulu akumidzi amene ali ndi jini lolakwika la MLH1, ndipo kwa zaka zambiri madokotala a yunivesite ya Cape Town ndi chipatala cha Groote Schuur akhala akuwayendera ndi zipangizo zounikira. Zotsatira zimene zidasindikizidwa mu 2009 zidaonetsa kuti mwa amene ankabwera kudzaunikidwa, omwalira ndi khansayi adali ochepa kwambiri poyerekeza ndi abale awo amene sankabwera.

Adokotala,
Bambo athu a zaka 71 anawapeza ndi khansa ya m'matumbo imene yafika kale kuchiwindi. Achemwali athu amene amagwira ntchito ku Johannesburg analipira kuti kachidutswa ka chotupa kakayezedwe kumeneko, ndipo pepala limene labwera likuti KRAS ili ndi mutation, pena palembedwanso kuti MSS. Adokotala atiuza kuti mankhwala ena odula amene timafuna kugula sangathandize. Kodi ndiye kuti bambo alibenso chithandizo? Nanga ife ana, tilipo 6, tatengera KRAS imeneyi? Tinaonanso pa WhatsApp kuti ku America anapeza mankhwala amene anachiza odwala onse.
Bambo wa ku Bvumbwe, Thyolo

Yankho: Bambo, ndiyambe ndi chimene chingakuchotseni nkhawa. Kusintha kwa KRAS kumene kwalembedwa papepalalo kudachitika m'chotupa cha bambo anu iwo ali kale achikulire, ndipo inu ana simudatengere. Zilembo za MSS nazo ndi uthenga wabwino kwa banja, chifukwa zikutanthauza kuti majini okonza zolakwika amene ndafotokoza m'yankho lapitalo akugwira ntchito m'chotupacho, motero mpata woti kwanu kuli Lynch ndi wochepa kwambiri. Khansa yopezeka pa zaka 71 mwa munthu mmodzi yekha m'banja kawirikawiri imabwera ndi kuunjikana kwa zolakwika za pa moyo wautali.

Pa za mankhwala odulawo, adokotala anu akunena zoona. Pakhungu la selo pali puloteni yotchedwa EGFR, imene imalandira uthenga wochokera kunja wouza selo kuti ligawike, ndipo uthengawo umapita m'kati kudzera mwa puloteni ya KRAS. KRAS yabwinobwino imapereka uthenga kenako n'kukhala chete. Ikasintha, monga zimakhalira m'zotupa pafupifupi 4 mwa 10, imangolamulabe selo kugawikana ngakhale kunja kusabwere uthenga uliwonse. Mankhwala a cetuximab ndi panitumumab amatseka EGFR kunja kwa selo, choncho sangaletse lamulo limene likuchokera m'kati. Zimenezi zidatsimikizika ndi kafukufuku mu 2008, ndipo kuyambira pamenepo wodwala sapatsidwa mankhwalawa asanayezedwe KRAS, pambuyo pake adawonjezerapo ndi NRAS, jini lina lofanana nalo. Ndalama zimene achemwali anu adalipira sizidapite pachabe, chifukwa zakupulumutsani kugula mankhwala amene akadangowatulutsa bambo zidzolo ndi kuwatsegula m'mimba popanda phindu, mwinanso mutagulitsa munda kapena ng'ombe yamkaka.

Nkhani ya pa WhatsApp ili ndi pochokera, koma idakufikani yodukaduka. Mu 2022 madokotala a pachipatala cha Memorial Sloan Kettering ku New York adalengeza kuti odwala 12 a khansa ya kumapeto kwa thumbo adapatsidwa dostarlimab kwa miyezi 6 ndipo zotupa zawo zonse zidazimirira. Odwala onsewo adasankhidwa chifukwa zotupa zawo zidali ndi vuto la majini okonza zolakwika, komanso khansa yawo idali isanafalikire ku ziwalo zakutali. Chotupa chotere chimakhala ndi zosintha zambirimbiri ndipo chimapanga mapuloteni achilendo, moti chitetezo cha m'thupi chikatakasidwa ndi mankhwala monga dostarlimab kapena pembrolizumab chimachizindikira mosavuta. Chotupa cha MSS sichioneka chachilendo chotero, ndipo mankhwalawa sachigwira. Mwa odwala amene khansa idafalikira kale, pafupifupi 5 okha mwa 100 ndi amene ali m'gulu lothandizika nawo.

Chithandizo chilipo ndithu. Kemo (mankhwala opha maselo a khansa) yodziwika, yomwe maziko ake ndi fluorouracil, mankhwala amene adapangidwa mu 1957, kapena mapiritsi a capecitabine, pamodzi ndi oxaliplatin kapena irinotecan, imagwira ntchito kaya KRAS yasintha kaya sinasinthe, ndipo imatha kuphwetsa chotupa, kuchepetsa ululu ndi kutalikitsa moyo. Sindikubisirani kuti khansa ikafika kuchiwindi ochira kotheratu amakhala ochepa, makamaka amene zotupa zawo za kuchiwindi n'zowerengeka moti zingachotsedwe ndi opaleshoni. Afunseni adokotala mosapita m'mbali kuti cholinga cha chithandizo chimene akupereka n'chiyani ndiponso mphamvu za bambo zikulola chiyani, ndipo bambowo afunsidwe maganizo awo, popeza thupi ndi lawo. Pemphaninso kuti akulumikizeni ndi gulu losamalira odwala matenda aakulu, monga la Tiyanjane ku Gulupu, kuti ululu ukabwera morphine wakumwa akhale pafupi. Kulandira chisamaliro chimenechi sikutanthauza kuti mwataya mtima pa bambo anu.

Kukhala ndi kholo limene lidadwala khansayi kumakwezabe chiopsezo pafupifupi kawiri poyerekeza ndi anthu ena, chifukwa banja limafanana m'zinthu zing'onozing'ono zambiri za m'majini, m'zakudya ndi m'kakhalidwe. Aliyense mwa inu amene wafika zaka 40 akambirane ndi dokotala za kuyezedwa.

Adokotala,
Ndine mnyamata wa zaka 27 ndipo ndimayendetsa njinga ya kabaza. Kwa miyezi 5 ndakhala ndikuona magazi m'chimbudzi, masiku ena ndimatsegula m'mimba, ena ndimadzimbidwa. Kawiri anandipatsa mankhwala a kamwazi, kachitatu anandiuza kuti ndi mudzi. Ndayamba kuwonda komanso ndimatopa msanga pokwera chitunda. Nditafunsa za khansa anandiseka kuti imeneyo ndi ya azigogo ndi azungu.
Mnyamata wa ku Limbuli, Mulanje

Yankho: Achimwene, bwererani kuchipatala mlungu uno. N'zoona kuti pa msinkhu wanu magazi m'chimbudzi nthawi zambiri amabwera ndi mudzi, kamwazi, likodzo la m'matumbo kapena kachilonda ka kotulukira chimbudzi, ndipo mwina vuto lanu ndi limodzi mwa amenewa. Koma matenda a kamwazi amene alandira mankhwala kawiri sayenera kukhalapobe patatha miyezi 5, mudzi suwondetsa munthu, ndipo kutopako kukhoza kusonyeza kuti magazi achepa m'thupi. Pemphani kuti akuyezeni kuchuluka kwa magazi, chimbudzi, HIV ndi TB, ndiponso kuti dokotala apime kotulukira chimbudzi ndi chala, zomwe zimachititsa manyazi pang'ono koma zimatha m'mphindi imodzi ndipo zimapeza zotupa zambiri za kumapeto kwa thumbo. Pakapanda kupezeka yankho lomveka, umirirani mwaulemu kuti akupatseni kalata ya kuchipatala chachikulu kuti akakuunikeni.

Zoti khansayi ndi ya azungu ndi okalamba okha si zoona. Padziko lonse ndi yachitatu pa kuchuluka, ndipo mu 2020 idapezeka mwa anthu oposa 1.9 miliyoni, pomwe malipoti a zipatala za m'mayiko angapo a mu Africa amaonetsa kuti gawo lalikulu la odwala ake ndi osakwana zaka 50. Ikagwira wachinyamata, mpata woti chiyambi chake ndi chakumtundu umakula. Kupatula Lynch, pali matenda ena osowa otchedwa FAP, amene munthu amabadwa ndi jini lolakwika la APC. Timinofu timamera mazanamazana kuyambira ali m'zaka za 10 mpaka 20, ndipo thumbo likapanda kuchotsedwa pafupifupi onse amadwala khansa pofika zaka 40. Ena mwa iwo makolo awo alibe vutoli, jini lidasinthira pa iwo pomwepo, choncho kusowa kwa mbiri m'banja si chifukwa chokanira kumuyeza munthu.

Adokotala,
Ndine mphunzitsi wa pulayimale. Kuno kwafika anthu ogulitsa mankhwala a m'mabotolo amene akuti amatsuka m'matumbo ndi kukonza majini owonongeka. Akunenanso kuti chimanga cha haibulidi ndicho chikusintha majini athu n'kubweretsa khansa. Kodi chakudya chingasinthedi majini? Nanga owonongekawo angakonzedwe?
Mphunzitsi wa ku Makwasa, Thyolo

Yankho: Aphunzitsi, chakudya chilichonse chochokera ku chamoyo, kaya chimanga chamakolo, cha haibulidi, nthochi kapena nkhuku, chili ndi DNA yakeyake, ndipo DNA imeneyo imagayidwa m'mimba pamodzi ndi zonse, silowa m'majini a wodya. Chimene zakudya ndi zakumwa zingachite ndi kuvulaza DNA yathu kapena kuteteza khungu la thumbo. Mowa, kaya ndi kachasu kaya wa m'botolo, thupi limausandutsa acetaldehyde, chinthu chimene chimawononga DNA, ndipo utsi wa fodya uli ndi zinthu zambiri zochita chimodzimodzi. Mu 2015 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, lidaika nyama yokonzedwa kuti isungike, monga masoseji, poloni ndi bekoni, m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa ya m'matumbo, ndipo lidati kudya magalamu 50 tsiku lililonse kumakweza chiopsezo ndi pafupifupi 18 pa 100. Nyama yofiira idaikidwa m'gulu lokayikiridwa kwambiri. Kunenepa mopitirira muyeso ndi kukhala osagwiritsa ntchito thupi nazo zimawonjezera. Nsima ya mgaiwa, nandolo, khobwe, nyemba, masamba ndi zipatso, zomwe alimi a ku Thyolo amalima kale, zimachepetsa chiopsezo, mwa zina chifukwa zimafulumiza chimbudzi ndi kudyetsa tizilombo tothandiza ta m'thumbo.

Palibe mankhwala a m'botolo, tiyi kapena zitsamba zimene zimakonza jini lowonongeka. Ngakhale mankhwala amakono amene ndatchula pamwambapa sakonza jini. Amangolimbana ndi maselo amene ali ndi jini lowonongekalo. Amene akuti amatsuka m'matumbowo kawirikawiri amangotsegula m'mimba, sachotsa kamnofu kamene kamera pakhoma la thumbo, ndipo ena amavulaza chiwindi ndi impso kapena kusokoneza kemo, choncho wodwala amene akumwa chilichonse chotere awauze adokotala ake. Munthu wa m'banja la Lynch kapena FAP, angadye bwino chotani, asadumphe tsiku lake lokaunikidwa, chifukwa jini limene adabadwa nalo silisintha ndi chakudya. Popeza makolo amakumverani pa misonkhano ya sukulu, muwauze kuti magazi m'chimbudzi, kusintha kwa kachitidwe ka chimbudzi kopitirira milungu ingapo, kuwonda kosadziwika chifukwa ndi kuchepa kwa magazi n'zofunika kupita nazo kuchipatala msanga. Kwa inu a ku Makwasa chipatala cha Malamulo chili pafupi, ndipo cha boma cha Thyolo chimatumiza ku Blantyre odwala amene akufunika kuunikidwa.